Khalani Nawo pa Benchi

Ana anga, dzanja langa lamanzereli silithanso kukoka chilimira. Nditaona kuti mutu wasiya kupweteka ndinaleka mapiritsi a BP, ndipo m'mawa wina ku Senga Bay, tikutsitsa usipa m'bwato, ndinagwa. Pakamwa panapindika. Achibale ena ankanong'onezana kuti andiponyera, koma inali sitiroko.

Nzeru ndinazipeza mochedwa, pa benchi ya kuchipatala. Tsiku la kiliniki, asanayambe kutiyeza, odwala timakhala pamodzi namwino n'kumatiphunzitsa. Mawu a namwino amalowa m'khutu, koma okhazikika mumtima ndi a mnzako amene anadutsamo. Mayi wina wa ku Lifuwu ndiye anandiuza mosapsatira kuti BP siitha ngati malungo. Ukamva bwino m'thupi ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, usaganize kuti wachira. Ndikanamva zimenezi kale, bwenzi ndikupalasabe bwato.

Pa benchi pomwepo ndinadziwa kuti makina akawerenga 140/90 kapena kupitirira, BP yakwera. Ndinamvanso kuti bungwe la WHO limati mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, kasupuni kakang'ono kamodzi basi. Ife kuno kunyanja timathira mumphika, n'kuikanso wina m'mphepete mwa mbale, kuphatikiza soda wa m'therere ndi timakyubu togula pa okala. Ndiye tinayamba kuuzana kakometsedwe ka chambo ndi tomato, anyezi ndi mandimu. Poyamba lilime limakana, kenako limazolowera. Wina akasowa miyezi iwiri, timatumiza mawu kwa mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi kwawo.

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Ena mwa iwo ndi amayi anu ndi abambo anu.

N'chifukwa chake ndikulankhula ndi inu achinyamata. Mphika uli m'manja mwanu, njinga mumapalasa ndinu, foni yokumbutsa nthawi ya piritsi ili m'thumba mwanu. Musamangowatula pa geti n'kupita kukacheza kumsika. Lowani, khalani nawo pa benchi, muwafunsire zimene iwo akuchita nazo manyazi. Pomaliza pindani mkono wa malaya, namwino akuyezeni nanunso. Sizichedwa, ndipo kuchipatala cha boma n'zaulere.