Galimoto ya Dizilo Imamwa Bwanji pa Ulendo Wautali?

Mpunga ukalowa m'matumba ndipo thonje likagulidwa, muno mwa Kambombo, m'boma la Chama, mumayamba nkhani za galimoto. Wina wasunga ndalama za zaka zitatu, ena asonkherana pa gulu, wina ndi mphunzitsi amene watenga ngongole kuntchito. Akafika kwa wogulitsa, onsewa amafunsa funso limodzi: imamwa bwanji? Wogulitsa naye amakhala atakonzeratu yankho. Amasisita galimotoyo n'kunena kuti iyi siimwa, imangonunkhiza.

Ife funsoli limatikhudza kuposa anthu a m'tauni, chifukwa kwathu kuno kulibe ulendo waufupi. Kuchoka kuno kudzera ku Lundazi mpaka ku Chipata ndi makilomita opitirira 300. Kuyambira mu 2011 boma lathu la Chama linali m'chigawo cha Muchinga ndipo nkhani za maofesi tinkazitsata ku Chinsali. Mu 2021 linabwerera ku chigawo cha Kum'mawa, ndiye tsopano timazitsata ku Chipata. Uku n'kutali, ukonso n'kutali. Munthu woyenda maulendo otere mwezi ndi mwezi, pakapita zaka ndalama zimene watsanulira m'thanki zikhoza kuposa zimene anagulira galimotoyo.

Chifukwa chake dizilo amafika patali

Tengani pampu ya njinga, mutseke kukamwa kwake ndi chala, ndipo mupope mwamphamvu kangapo. Mukaigwira mumva kuti yafunda. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Injini ya dizilo imagwira ntchito ndi nzeru yomweyi. Imakoka mpweya wokhawokha n'kuupanikiza kwambiri, mpaka utatentha koopsa. Kenako manozo amapopera dizilo wosalala ngati nkhungu mu mpweya wotenthawo, ndipo amayaka yekha. N'chifukwa chake injini ya dizilo ilibe mapulagi otulutsa moto monga ya petulo. Ili ndi mahita okha, oithandiza kulira m'mawa wa mu Juni kukazizira. Amene anatulukira zimenezi ndi Rudolf Diesel wa ku Germany, ndipo injini yake inayamba kugwira bwino ntchito mu 1897. Dzina la mafutawa linachokera kwa iyeyo.

Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yambiri kuposa lita ya petulo. Kuwonjezera apo, kupanikiza mpweya kwambiri kuja kumachititsa kuti injini ifinye mphamvu yochuluka m'dontho lililonse. Masamu ake ndi a akatswiri, ife tingogwira mfundo yake: pa galimoto ziwiri zofanana kukula ndi kulemera, ya dizilo imafika patali ndi lita imodzi, ndipo imakoka katundu pa chitunda mosadandaula.

Mawu akuti "zofanana" musawadumphe. Land Cruiser ija ya kuchipatala ndi ya asilikali a nyama ili ndi injini yaikulu ya malita 4.2, ndipo imamwa kuposa Corolla ya petulo. Koma Corolla singanyamule matumba 15 a mpunga, ndipo mu Febuluwale singadutse pomwe Land Cruiser imadutsa.

Nambala ya papepala

Galimoto iliyonse imatuluka ku fakitale ndi nambala yonena za kamwedwe kake. Nambalayi salemba mongopeka, koma muyenera kudziwa komwe amaitenga. Amaika galimoto yatsopano m'chipinda, matayala ake n'kumazungulira pa zitsulo, ngati njinga imene mwaitembenuza kuti muikonze. M'chipindamo mulibe mchenga, mulibe matope, mulibe maenje. Kumbuyo kulibe mpunga, kulibe apongozi ndi mbuzi yawo. Ngakhale ku Ulaya komweko, kumene misewu ndi yosalala, anthu anadandaula kuti manambalawa sagwirizana ndi zimene akuona pa pampu, mpaka mu 2017 njira yoyesera inasinthidwa. Mu 2015 kampani ya Volkswagen inagwidwa itaika pulogalamu ya kompyuta m'galimoto zake za dizilo pafupifupi 11 miliyoni, yochititsa kuti utsi uzioneka woyera pa nthawi yoyesedwa yokha. Imeneyo inali nkhani ya utsi, komabe inasonyeza kuti galimoto ikhoza kukhala ina m'chipinda, inanso pa msewu.

Ndiye kumbukirani kuti zambiri zimene timagula ife ndi zogwiritsidwa kale ntchito. Zina zimachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde, zina zadutsa m'manja mwa anthu atatu ku Lusaka. Nambala ija ndi ya pamene galimotoyo inali namwali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Manambalawa amalembedwa m'njira ziwiri, ndipo apa ambiri amasokonezeka. A ku Japan amalemba makilomita amene galimoto imayenda ndi lita imodzi. Pamenepa nambala yaikulu ndiyo yabwino. A ku South Africa ndi ku Ulaya amalemba malita amene imamwa pa makilomita 100. Pamenepa yabwino ndi yaing'ono. Wogulitsa akangoti "imapanga 10", mufunseni kuti 10 ya chiyani.

Yezani nokha

Njira yodziwira zoona ndi imodzi, ndipo imafuna kope, cholembera ndi masamu ogawa amene tinaphunzira kale. Pitani pa malo omwetsera mafuta, tinene ku Lundazi. Uzani womwetsa adzaze thanki mpaka pampu itazima yokha. Lembani nambala ya makilomita imene ikuoneka pa mita, kutsogolo kwa chiwongolero. Yendani ulendo wanu monga mwa masiku onse. Pobwera imani pa pampu yomweyo ndipo mudzazenso. Malita amene alowa kachiwiriwa ndiwo amene galimoto yamwa.

Tiyerekeze kuti ponyamuka mita inali pa 84,200 ndipo pobwera ili pa 84,560. Mwayenda makilomita 360. Pampu yathira malita 36. Gawani 360 ndi 36. Yankho ndi 10. Galimotoyo imayenda makilomita 10 pa lita imodzi.

Tsopano tinene kuti wogulitsa anakulonjezani 15. Pa ulendo wa makilomita 600, kupita ndi kubwera, inu munawerengera malita 40. Koma galimoto idzafuna malita 60. Kusiyana kwake ndi malita 20, chigubu chathunthu, pa ulendo umodzi wokha. Mukayenda kanayi pa mwezi ndi zigubu zinayi. Funsani mtengo wa lita lero, muchulukitse, ndipo muone kuti ndi matumba angati a feteleza.

Kuyeza kamodzi sikukwanira. Yezani pa tala, muyezenso pa fumbi, muli ndi katundu komanso mulibe, m'chilimwe ndi m'dzinja. Singano ya mafuta musaikhulupirire, imagona nthawi yaitali pamwamba kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Ngati galimoto simunaigule, pemphani mwini wake kuti muyende naye ulendo umodzi, mafuta mugule inu. Wokana ali ndi chimene akubisa. Apo ayi funsani madalaivala a Hilux, Isuzu ndi Canter amene amayenda msewu wathu sabata iliyonse. Iwo amawerenga m'zigubu, ndipo saphonya.

Zimene zimaba mafuta pa msewu wathu

Choyamba ndi msewu womwewo. Galimoto imamwa pang'ono ikamayenda mosaimaima pa giya yomaliza, pa liwiro la 80 kapena 90. Pa maenje mumakhala pa giya yachiwiri ndi yachitatu, injini ikulira kwambiri koma mtunda osatha. Mu mchenga ndi m'matope n'zoposa apo. Zimenezi simungazisinthe. Koma mukafika pa tala musabwezere nthawi pothamanga 120, chifukwa pamenepo galimoto imalimbana ndi mphepo ndipo mafuta amatha ngati thanki yabooka. Katundu womangidwa pamwamba pa denga amawonjezera vutoli.

Zina zili m'manja mwanu. Ambiri amachepetsa mpweya m'matayala kuti adutse mchenga, n'kuiwala kupopanso. Tayala lophwa limakokera galimoto m'mbuyo monga limachitira pa njinga. Ena amaiwala kuchotsa 4x4 akatuluka m'matope. Ena amasiya injini ikulira pa msika kwa ola lathunthu chifukwa batire ndi yakufa. Gulani batire, ndi yotchipa kuposa dizilo amene mukuwotcha mutaima. Palinso fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, limene limatseka sefa ya mpweya. Injini yosapuma bwino imafooka, imatulutsa utsi wakuda, ndipo utsi wakudawo ndi dizilo amene mwalipira koma sanapse. Ichotseni sefayo muigogode pang'onopang'ono, ndipo ikatha mugule ina. Musayende popanda sefa ngakhale tsiku limodzi.

Pali madalaivala ena amene amachotsa giya kapena kuzimitsa injini potsetsereka, ati kusunga mafuta. Mukakwera galimoto yotere mudzudzuleni dalaivalayo mosaopa. Injini ikazima mabuleki amauma ndipo chiwongolero chimalemera. Kapu imodzi ya dizilo si yofanana ndi miyoyo ya anthu ali kumbuyo.

Dizilo wa m'chigubu

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene galimoto zambiri za kumudzi zimafera. Dizilo wathu amayenda ulendo wautali kuposa ife. Amachokera ku Dar es Salaam m'paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, imene inamangidwa mu 1968, mpaka ku Ndola. Kuchoka kumeneko amabwera pa magalimoto a matanki. Mtengo wa pa pampu umalengezedwa ndi bungwe la ERB, ndipo mumaumva pa wailesi. Koma tonse tikudziwa kuti mvula ikadula msewu, kapena usiku ukakupezani kutali, amene amakupulumutsani ndi mnyamata wa chigubu. Iye ali ndi mtengo wakewake, ndipo chigubu chake simudziwa kuti dzulo munali chiyani.

Mdani wamkulu ndi madzi. Amalowa pa chivundikiro chosatseka bwino, kapena amachokera ku thukuta la m'kati mwa diramu. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amakhala pansi pomwe maso safika. Manozo a injini za masiku ano ali ndi timabowo tating'ono ngati tsitsi, ndipo amasalala ndi dizilo yemweyo. Madzi kapena mchenga zikadutsamo, amapereseka n'kuyamba kudontha m'malo mopopera. Galimoto imayamba kumwa kwambiri, kuvuta kulira m'mawa, kenako n'kuima. Manozo ndi pampu ya dizilo sakonzera pansi pa mtengo. Muyenera kupita nazo ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo mtengo wake ukhoza kumeza mpunga wa chaka chonse.

Mukakakamizika kugula wa m'chigubu, musafulumire. Thirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati, muliike pansi, mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati muli madzi muona timadontho kapena mzere pansi pa botolo. Ngati dizilo akuoneka ngati thobwa losungunula, msiyeni. Mununkhizenso, chifukwa ena amasakaniza ndi parafini, ndipo parafini ndi wouma, amadya pampu. Pothira ikani nsalu yoyera yosathothoka pa fanelo. Chigubu musachipendeketse mpaka kumapeto. Wotsalira pansiyo musiyeni, ngakhale mtima ukuwawa kuti mwalipira. Pansi pa sefa ya dizilo pali kampopi kotulutsira madzi. Pemphani makaniko akusonyezeni pomwe kali, ndipo m'dzinja muzikatsegula kawirikawiri.

Ndaonanso abambo akuluakulu akukoka dizilo ndi pakamwa kudzera m'paipi. Dizilo akalowa m'mapapo amatha kukugonekani m'chipatala. Chigubu chamafuta chisagone m'nyumba momwe muli ana ndi mbaula, ndipo chikatha musachipereke kwa amayi kuti azitungira madzi akumwa.

Yakale kapena yatsopano

Injini zakale zopanda makompyuta zimamwa kwambiri, koma zimapirira ndipo makaniko wa pa boma amazidziwa. Zatsopano, monga Hilux za D-4D ndi GD-6, zimamwa pang'ono koma zimafuna dizilo woyera. Zina, makamaka zochokera ku Ulaya ndi ku Japan, zili ndi sefa ina ku paipi ya utsi yogwira mwaye, yotchedwa DPF. Imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga nthawi yaitali injini ili yotentha. Pa ulendo wa ku Chipata imapeza mpata umenewo. Kwa munthu wongozungulira m'mudzi imatsekeka. Funsani ngati ilipo musanalipire.

Ndipo ngati maulendo anu ndi a pa boma pokha, kupita m'mawa kubwera masana, ganizani kawiri. Injini ya dizilo imachedwa kutentha, ndipo isanatenthe imamwa kwambiri. Imafuna oyilo wochuluka, ndipo yakale pa fumbi lathuli imafuna kusinthidwa oyilo pa makilomita 5,000 alionse. Zimenezinso zilembeni m'kope. Kwa wotere njinga yamoto ingakwanire, ndalama yotsala ipite kusukulu ya ana.

Tsopano yesani masamu awa. Canter yanyamuka mita ili pa 120,300 ndipo yabwera ili pa 120,940. Panjira inathiridwa zigubu ziwiri za malita 20, ndipo pobwera pampu yathira malita 40 kuti thanki idzale monga inalili ponyamuka. Pezani makilomita amene yayenda, malita onse amene yamwa, ndi makilomita amene ikuyenda pa lita imodzi.