PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MAINA A OGULA ANU AKHALE M'BUKU LANU

Alimi anzanga a m'boma la Chiradzulu, mwezi uno tikambirana za chuma china chimene sichilowa m'nkhokwe. Chumacho ndi maina ndi manambala a anthu amene mumachita nawo malonda: wogula nandolo, mwini galimoto yonyamula mbewu, wogulitsa feteleza, mlembi wa kalabu ndiponso mlangizi wanu. Mainawa munawapeza pang'onopang'ono, poyenda m'misika zaka zambiri. Tsono funso ndi ili: kodi akusunga ndani?

Chifukwa Chake Nkhaniyi Ndi Yofunika

Mu Ogasiti 1917 kunalibe foni m'midzi, koma patapita zaka 100, mu Ogasiti 2017, foni inakhala chida cha mlimi pa nthawi yovuta. Mwezi umenewo boma la India linachepetsa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo mitengo inagwa kuno kwathu. Pa nthawi yotere, mlimi wodziwa wogula mmodzi yekha amangolandira mtengo umene wauzidwa. Koma amene ali ndi manambala a ogula atatu kapena anayi, ena ku Limbe, ena ku Mbulumbuzi, amafunsa mitengo asanakweze matumba.

Kumbukiraninso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Likoswe. Madzi otere sasankha. Amatenga foni pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Ngakhale popanda ngozi, foni imabedwa pa msika, imagwera m'chitsime, kapena imangofa.

Mafunso Atatu Musanalowe M'gulu

Masiku ano pali njira zambiri zokumanira ndi ogula: magulu a WhatsApp, masamba a Facebook, ndi makampani otumiza mitengo pa mauthenga a foni. Njirazi ndi zothandiza, koma si zanu. WhatsApp ndi Facebook zonse ndi za kampani imodzi ya ku America yotchedwa Meta. Choncho musanadalire njira iliyonse, funsani mafunso awa:

1. Kodi ndikutha kuona nambala ya wogula? M'gulu la WhatsApp manambala amaoneka, ndipo mungathe kuwakopera. Pa Facebook nthawi zambiri mumaona dzina lokha. Njira imene imakubisirani nambala imakusandutsani wodalira mkhalapakati.

2. Kodi ndikachoka, nditenga chiyani? Woyang'anira gulu angathe kukuchotsani tsiku lililonse osakufunsani. Ngati simunalembe manambala kwina, mudzavutika kuwapezanso.

3. Kodi dzina langa alipereka kwa yani? Mukalembetsa, mumapereka dzina, mudzi, nambala ndi kukula kwa munda wanu. Lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo limayang'anira. Lamuloli limakupatsani ufulu wofunsa zimene kampani yalemba za inu ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Zoyenera Kuchita

Choyamba, gulani kope lolimba. Gawani tsamba lililonse m'mizere isanu: dzina, nambala, malo, mbewu imene amagula, ndi mtengo umene anapereka komaliza pamodzi ndi tsiku lake. Kopelo likulungidwe m'pepala la pulasitiki ndi kuikidwa pamwamba, pamodzi ndi malisiti ndi chikalata chanu cholembetsera.

Chachiwiri, kopelo likhale ndi linzake. Lina likhale kwa mlembi wa kalabu kapena kwa mbale wanu wa mudzi wina. Mayi ndi bambo nonse mudziwe pamene lili.

Chachitatu, nambala yanu ilembetsedwe pa chiphaso chanu cha unzika. Chiyambire 2018 nambala iliyonse imayenera kulembetsedwa. Ngati munalembetsa pa chiphaso cha mwana wanu kapena cha mnzanu, foni ikatayika simungathe kubwezeretsa nambalayo nokha, pamene ogula anu akudziwa yomweyo. Komanso musaisiye miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito, chifukwa kampani imatseka ndi kuipereka kwa wina.

Chachinayi, amene muli ndi foni za intaneti, pemphani wodziwa akuthandizeni kusunga manambala pa akaunti ya Google, kuti mukagula foni ina abwerere. Mawu achinsinsi a akauntiyo akhale anu, osati a wokonza mafoni.

Chachisanu, inu anzathu a m'maesiteti, musasiye zonse m'foni ya kapitawo. Lembani nokha maina a amene munapangana nawo, tsiku la pangano, ndi zimene munalandira pa ngongole. Mukadzasamuka, bukulo lipita nanu.

Pomaliza, manambala a anzanu ndi awo. Musawapereke kwa munthu wobwera ndi malonjezo a feteleza wotsika mtengo musanawafunse eni ake.

Ntchito ya Kalabu Mwezi Uno

Pa msonkhano wotsatira, m'madera onse atatu a zaulimi a Mombezi, Thumbwe ndi Mbulumbuzi, aliyense abwere ndi kope lake. Zimitsani foni, ndipo muone ngati mungathe kupeza ogula atatu m'kopemo. Amene alephera, alembe tsiku lomwelo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.