Makalata a Omvera: Chuma cha Chaka Choyamba cha Mwana

Woulutsa mawu: Madzulo ano tili ndi mayi mlangizi wa za umoyo wa mabanja, ndipo kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Ndirande, amene akuti: "Akazi anga ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo uyu ndiye mwana wathu woyamba. Malipiro anga ndi ochepa. Ndisunge ndalama zingati, ndipo ndiyambire pati?"

Mlangizi: Zikomo bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo, pakuti ambiri amayamba kuwerengera mayi ali kale m'chikuta. Chiwerengero cha makwacha sindikutchulirani, popeza inu nomwe mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, niigwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti mtengo wotchulidwa usiku uno ungathe kukusokeretsani mwana wanu asanayambe n'kukwawa komwe. Chimene ndikupatsani ndi ndondomeko ya chimene chiyenera kutsogola ndi chimene chingathe kudikira.

Itsogole ndalama ya ulendo. M'zipatala za boma kuchira n'kwaulere, katemera ngwaulere, ngakhale neti yoteteza ku udzudzu mayi amalandira kusikelo popanda kulipira. Koma njira ya pakati pa khomo lanu ndi khomo la chipatala palibe amene adzakulipirirani, ndipo matenda akayamba pakati pa usiku, minibasi zitaleka kuyenda, mwini galimoto ya hayala adzatchula mtengo umene afuna, podziwa kuti simuli pa mpata wonenerera. Ndalama imeneyi ikhale payokha, kaya ku Mpamba kaya ku Airtel Money, akazi anu adziwe kumene ili ndi katengedwe kake, ndipo isakhudzidwe ngakhale lendi itavuta. Mwana akabadwa muibwezeretse, chifukwa khanda likatentha thupi silidikira tsiku la malipiro.

Zikatha izi, mugule zimene anamwino adzakuuzani kusikelo kuti mayi atenge popita kukachira, monga zitenje zingapo, beseni, sopo ndi pepala lapulasitiki loyala pabedi, ndipo muzigula chimodzichimodzi mwezi ndi mwezi, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Zovala zikhale kumapeto. Ndinena ichi ndi mtima wonse, chifukwa ndaona mabanja ambiri akutha ndalama pa tinsapato ndi timasuti toti anthu akaone kutchalitchi, pamene khanda limakula msanga kotero kuti chovala cha mwezi woyamba sichifika mwezi wachitatu. Za pakaunjika zochapidwa bwino ndi kusitidwa, pamodzi ndi zimene anasiya ana a achemwali anu, zikwanira popanda manyazi alionse. Matewera ansalu afuna sopo, madzi ndi manja, koma mugula kamodzi; otaya aja muwasungire tsiku la ulendo.

Woulutsa mawu: Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, wogwira ntchito mu ofesi. Akuti: "Tchuthi changa chikatha ndiyenera kubwerera kuntchito. Anzanga akuti ndiyambe kugula mkaka wam'chitini. Kodi ndikwanitsa?"

Mlangizi: Mayi, choyamba mudziwe chimene chili chanu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu. Ndipo pamene lamuloli linakonzedwanso mu 2021, abambo nawonso anapatsidwa masabata awiri. Ngati muli ndi masiku a tchuthi cha pachaka, pemphani kuti muwalumikize pomwepo.

Kunena za mkaka wam'chitini, anzanuwo akuona chitini chimodzi, koma inu muwerenge zonse. Khanda lodalira mkaka umenewu wokha limatha pafupifupi makilogalamu 20 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndiko kuti zitini 40 za magalamu 500. Ndipo pamwamba pake pali makala kapena magetsi owiritsira madzi usana ndi usiku, sopo wotsukira ziwiya, ndi ulendo wa kuchipatala mwana akatsegula m'mimba chifukwa cha botolo losatsukidwa bwino. Choopsa koposa chimadza pakati pa mwezi, ndalama zitatha, pamene wolera mwana, pofuna kuti chitini chifike tsiku la malipiro, achepetsa mkaka nachulukitsa madzi. Mwana akhuta, aleka kulira, koma sikelo yake imka nitsika, ndipo panthawiyo n'kuti bere la mayi litaphwa kale, moti pobwerera palibe. Walira mvula walira matope.

Langizo la azaumoyo n'lakuti mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, osapatsidwa ngakhale madzi, ndipo mayi wapantchito angathe kutero. Mufunse anamwino akuphunzitseni kufinyira mkaka m'kapu yoyera yokhala ndi chivindikiro, wolera azimwetsa mwana ndi kapu inu mutachoka, ndipo mukabwera madzulo ndi usiku wonse mwana ayamwe monga afuna. Ndalama imene mukadapereka kusitolo igule mazira, usipa, nyemba ndi zipatso za inu mwini, chifukwa wodyetsa mayi ndiye wadyetsa khanda. Alipo ana amene dokotala amawalembera mkaka wam'chitini pa zifukwa zomveka, monga mayi akamwalira kapena akadwala kwambiri, ndipo pamenepo abale onse asonkhe, asasiyire munthu mmodzi.

Woulutsa mawu: Yotsiriza ndi ya bambo wina mlimi wa ku Mchinji: "Mwana wathu adzabadwa mu Januwale, nthawi ya njala. Ndikuganiza zotenga katapila kuti ndidzabweze ndikakolola."

Mlangizi: Bambo anga, katapila ayi, ndakupemphani. Ngongole imene chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi, mukaitenga mu Januwale, pofika Meyi idzakhala itadya zokolola zimene mwanayo akanadya. Ngati akazi anu ali mu banki m'khonde, kapena inu muli m'chipereganyu, konzani kuti gawo lanu lidzatuluke pafupi ndi mwezi wochira. Ndipo nkhuku ziwiri zitatu, kapena mbuzi imodzi, muipatule tsopano lino kuti ndi ya mwana, yodzagulitsa pa tsiku la tsoka lokha.

Inu chuma chanu chili m'nkhokwe, ndipo nzeru yake ndi ija ya Yosefe ku Ejipito. Taonani mmene chaka cha mwanayu chidzayendere. Miyezi itatu yoyamba iye ali pabere, ndipo wofunika chakudya ndi mayi wake, pa nyengo imene ufa uli wosowa ndi ntchito ya kumunda ili yochuluka. Motero thumba la chimanga ndi ndowa ya nyemba zisungidwe chifukwa cha mayiyo, ndipo ganyu wolima m'malo mwake alowe m'chiwerengero chanu. Mwana adzayamba phala mu Julayi, mutangokolola, imene ili mphatso yaikulu, pakuti phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, lofanana ndi Likuni Phala, lidzachokera m'munda mwanu momwe. Koma mavenda akadzafika ndi masikelo awo, musadzagulitse mtedza ndi soya yense, chifukwa mwanayu adzakwanitsa chaka mu Januwale winayo, njala ndi malungo zitabweranso, iye akudya katatu kapena kanayi pa tsiku.

Muwerengenso maulendo a kusikelo ya ana mwezi uliwonse, makamaka a katemera: pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wa chikuku pa miyezi 9. Oyambawo adzagwera m'dzinja, mitsinje itadzaza, choncho funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku limene sikelo imabwera kufupi ndi mudzi wanu, ndipo ngati chipatala chanu chapafupi chili cha mishoni, mufunsiretu ngati amayi ndi ana amalipira, popeza zina zili ndi mgwirizano ndi boma ndipo zina zilibe.