Malangizo kwa Oteteza Ana M'mudzi

Malangizowa ndi anu, inu a komiti yoteteza ana ndi alezi a ku mkombaphala amene mwangobwera kumene kuchokera kumaphunziro.

M'kalasi anakuuzani zizindikiro za nkhanza, koma ntchito yeniyeni ili pakhonde la munthu. Tiyerekeze mwafika kwa agogo olera adzukulu anayi, nkhokwe ilibe kanthu. Musayambe ndi mafunso ngati apolisi ayi. Khalani pamphasa, funsani za kumunda, diso lili pa mwana. Kodi amathawira kuseri akamva mawu a amalume ake? Wayambanso kukodza pogona pomwe ali ndi zaka 10? Nanga zipsera zili m'manjazo? Paja ena amaotcha mwana pongotapa ndiwo mumphika.

Mwana akakuululirani, mukhulupirireni, musamufunse mobwerezabwereza, ndipo musamulonjeze kuti mubisa. Ngati wagwiriridwa, thamangirani naye kuchipatala asanathe maola 72 kuti akalandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV. Kenako kanenani ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116 mwaulere. Abale adzati, “Tikambirane kwa amfumu, wolakwayo alipe mbuzi.” Akanireni mwaulemu, mlandu wogwiririra mwana ndi wa kukhothi.

Mukabwerera kunyumba, lembani m'kope tsiku, zimene mwaona ndi mawu enieni a mwanayo.