Ng'ombe zachuluka, nanga mkaka m'ndowa?

Lero ndikufuna ticheze za mkaka wa dziko lathu lino la Malawi, momwe wakhala ukuchulukira, chimene chauchulukitsa, ndi mmene nkhaniyi ikukhudzira khola lanu lomwelo.

Ulimi wa ng'ombe za mkaka pakati pa alimi ang'onoang'ono siwakale kwenikweni kuno kwathu. Fakitale yokonza mkaka ya ku Blantyre inayamba mu 1969, ya ku Lilongwe mu 1973, ya ku Mzuzu mu 1974, ndipo makola anayamba kumera mozungulira mizinda itatu imeneyi chifukwa mkaka sudikira, umafuna msika wapafupi. Mpaka lero magulu a alimi ali m'zigawo zomwezo: SHMPA kummwera, CREMPA pakati, ndi Mpoto Dairy Farmers Association kumpoto. Mkaka wambiri umene umalowa m'mafakitale umachokera kummwera, makamaka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, ng'ombe za mkaka zachuluka kwambiri. Ambiri a inu mukukumbukira mmene ng'ombe yoyamba inafikira pakhomo panu. Boma ndi mabungwe monga Heifer International ndi Land O'Lakes analimbikitsa ndondomeko yopatsirana: mwalandira msoti, ukabereka mwana wamkazi mumupereka kwa mnzanu wa m'gulu, nayenso adzapereke kwa wina. Njira imeneyi inafikitsa ng'ombe m'manja mwa amayi amasiye ndi mabanja amene sakadatha kugula ndi ndalama zawo, ndipo ine ndimailemekeza kwambiri. Ng'ombe zitachuluka, mkaka wa dziko lonse nawo unakwera.

Koma tifunsane bwinobwino apa. Mkakawo unakwera chifukwa ng'ombe iliyonse inayamba kutulutsa wochuluka, kapena chifukwa makola anangowonjezeka? Kwakukulu n'chifukwa makola anawonjezeka. Ng'ombe ya m'khola la mlimi wamba ikutulutsabe mkaka wochepa poyerekeza ndi umene mtundu wake ungathe kutulutsa. Ndipo anthu omwa mkakawo achuluka mothamanga. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, wa mu 2018 anapeza 17.5 miliyoni. N'chifukwa chake ngakhale mkaka wakwera, Mmalawi mmodzi akumwabe wochepa kwambiri pachaka, ndipo m'masitolo mukadali mkaka waufa wochokera kunja.

Anthu akachuluka chotero, minda imachepa. Inu a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu simufuna kuti wina akuuzeni zimenezi. Kamunda kamodzi komweko mubzale chimanga, nandolo, mbatata, ndiponso mupezemo malo a nsenjere. Ana amanka mpaka kudambo lakutali kukamweta udzu, nthawi zina n'kumakangana ndi eni malo. Ndiye ngati dziko lipitiriza kuchulukitsa mkaka pongowonjezera mitu ya ng'ombe, tsiku lina udzu udzatithera ng'ombe zikadalira.

Maiko ena anadutsa njira ina. Ku America, mu 1944 kunali ng'ombe za mkaka zoposa 25 miliyoni. Masiku ano zilipo zongopitirira pang'ono 9 miliyoni, koma mkaka umene zikutulutsa ndi pafupifupi kawiri wa mu 1944 uja. Sindikunena kuti titengere zonse za kumeneko, iwo ali ndi makina ndi minda ikuluikulu imene ife tilibe. Ndangofuna muone kuti chiwerengero cha ng'ombe ndi kuchuluka kwa mkaka ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chimodzi chikhoza kutsika chinzake chikukwera.

Tsiku lina ndinafika pakhomo pena m'dera la alimi a mkaka, nthawi ya kukama kwa madzulo. Bambo wa pakhomopo anandionetsa ng'ombe zake zitatu monyadira, ndipo zinalidi za mtundu wabwino, zamawanga akuda ndi oyera. Koma nthiti zimawerengeka ndili panja pa khola. Modyera munali mapesi ouma osadula, momwera munali timadzi tobiriwira pansi penipeni. Mwa zitatuzo imakamidwa imodzi yokha, ziwirizo zinali zitaphwa ndipo panalibe amene amadziwa ngati zili ndi bere. Mayi atamaliza kukama, mkaka sunafike ndi theka lomwe la ndowa. Pakhomo loyandikana nalo panali ng'ombe imodzi yokha, yosakaniza mtundu, bweya bwake buli see, ndipo mwini wake anatenga chigubu chachiwiri choyamba chitadzaza. Akamalemba chiwerengero cha ziweto, khomo loyamba lija limaoneka lolemera katatu. Pa tsiku lolandira ndalama ku bulking, kumalo osonkhanitsira mkaka, wolemera amakhala wachiwiriyu.

Ndiye tiyambe ndi chinthu chimene chimatidyera mkaka wambiri mosaonekera, ndicho kutalika kwa nthawi pakati pa kubereka ndi kuberekanso. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9. Ikabereka imayenera kukamidwa pafupifupi miyezi 10, kenako ipume miyezi iwiri isanaberekenso. Kuti zimenezi zitheke, iyenera kutenga bere lina pakati pa masiku 60 ndi 90 chiberekereni. Ikatero mumalandira mwana chaka chilichonse. Koma m'makola ambiri ng'ombe ikubereka pakatha chaka ndi theka, ina zaka ziwiri.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti ng'ombe yanu imapereka malita 8 patsiku kwa masiku 300. Amenewo ndi malita 2,400. Ikamabereka chaka ndi chaka, pa zaka zitatu mukama malita 7,200 ndipo mulandira ana atatu. Ikamabereka pakatha chaka ndi theka, pa zaka zitatu zomwezo ibereka kawiri kokha, mkaka wake ndi malita 4,800 kuphatikizapo timadontho timene mumakakamiza kumapeto. Mwataya malita oposa 2,000 ndi mwana mmodzi, koma udzu mwamweta tsiku lililonse, mankhwala a nkhupakupa mwagula chimodzimodzi. Chulukitsani zimenezi ndi makola onse a m'dziko muno, muona kumene mkaka wa Malawi ukutayikira.

Ng'ombe imafuna nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21, ina 18, ina mpaka 24, ndipo nthawi yakeyo ndi yaifupi, kawirikawiri sikwana tsiku lathunthu. Vuto la ife osungira m'khola ndi lakuti ng'ombe imakhala yokha, ilibe inzake yoti iikwere kuti tizindikire msanga. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Imani pakhola m'mamawa musanayambe kukama, masana, ndi madzulo dzuwa litapendeka, muiyang'ane mofatsa osati mongodutsa. Ikayamba kuliralira, kuzungulirazungulira, kudya monyinyirika, mkaka n'kutsika mwadzidzidzi, yang'anani kumbuyo kwake. Mukaona kwatupa pang'ono, kwafiira, ndipo kukutuluka chikazi choyera chonanda ngati choyera cha dzira, nthawi yakwana. Mukaona m'mawa, ipatsidwe umuna madzulo a tsiku lomwelo. Mukaona madzulo, ipatsidwe m'mawa mwake. Imbirani wopereka umuna nthawi yomweyo, musadikire kuti mumalize kaye zakumunda. Mukapeza timagazi kumchira, dziwani kuti nthawi inadutsa masiku awiri apitawo. Musataye mtima, lembani tsikulo, ndipo muyambe kuyang'anitsitsa pakatha masiku 18.

Ndikudziwa kuti nthawi zina mlimi amachita mbali yake yonse koma wopereka umuna osafika, mwina njinga yawonongeka, mwina umuna wasowa. Imeneyi ndi nkhani yoti muikambe mwamphamvu pa msonkhano wa gulu lanu, chifukwa ulendo umodzi wophonya ndi masiku 21 a mkaka. Mukakakamizika kupita ku nkhunzi, funsani mbiri yake. Isakhale bambo wake wa ng'ombe yanuyo, ndipo isakhale yoti ng'ombe zimene inakwera zakhala zikutaya bere.

Koma ng'ombe yowonda sifuna nkhunzi msanga, ndiye nkhani ya bere imatibwezera modyera. Aliyense woperekera mkaka ku bulking amadziwa kuti m'dzinja zigubu zimadzaza, koma pofika Seputembala, Okutobala ndi Novembala anthu amabwera ndi zigubu zopepuka. Kutsika kwa m'chilimwe kumeneku kumaoneka ngakhale pa mkaka wa dziko lonse. Chaka cha 2024, mvula itadula ndipo boma litalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, tinaona madeya akusowa ndi kukwera mtengo chifukwa anthu nawonso amawafuna. Amene anapulumuka ndi amene anasunga chakudya cha ng'ombe udzu ukadali wambiri.

Nthawi yosunga ndi pamene mvula ikupita kumapeto. Mwetani udzu usanakhwime n'kuyamba njere, muuyanike masiku awiri kapena atatu, muusunge pa thandala pansi pa denga ukadali ndi mtundu wobiriwira. Masangwi a mtedza musawasiye m'munda kuti adyedwe ndi chiswe kapena kutenthedwa, ndi chakudya chabwino kuposa mapesi. Nsenjere muzidula ikafika m'chiuno. Ikatalika kuposa munthu imaoneka yambiri koma yasanduka mitengo, ng'ombe imangotola masamba n'kusiya zotsalazo. Muziduladula tizidutswa tatifupi ngati chala. Ng'ombe yaikulu yokamidwa imafuna udzu wauwisi wokwana makilogalamu 40 mpaka 50 patsiku, ndipo ndikupemphani kuti tsiku lina mudzayeze pasikelo mtolo umene mumaupatsa, ambiri mudzadabwa kuchepa kwake. Masamba a lukina ndi gliricidia amawonjezera mkaka, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Madeya amapatsa mphamvu, koma paokha sakwanira. Sakanizani ndi soya wokazinga wogaya kapena zotsalira poyenga mafuta a mpendadzuwa, muthiremo mchere ndi mchere wa ziweto uja wogula.

Za madzi ndinene mwachidule. Pa malita 100 a mkaka, malita 87 ndi madzi. Ng'ombe yokamidwa imamwa malita 60 kapena kuposerapo patsiku, kukatentha imafuna ochuluka. Ndowa ziwiri za malita 20 sizikwana, ndipo kuimwetsa kamodzi patsiku n'kudzidulira mkaka nokha. Momwera musamaume, usiku womwe.

Ena mumandifunsa kuti, kodi ndigule Friesian weniweni kuti mkaka uchuluke? Walira mvula walira matope. Friesian ndi ng'ombe yaikulu, imadya kwambiri, imamva kutentha, ndipo nkhupakupa zikaipeza sichedwa kugwa. Ngati muli ndi munda wa nsenjere wokwanira, madzi pafupi ndi ndalama ya mankhwala, itengeni, ikubwezerani. Ngati malo ndi ochepa, Jersey kapena yosakaniza ndi ng'ombe yathu ya Zebu idzakupatsani mkaka wokhazikika pa chakudya chochepa. Maganizo anga ndi akuti alimi ambiri a malo ochepa akanapindula koposa ndi ng'ombe yapakatikati yodya mokhuta kusiyana ndi yaikulu yogona ndi njala. Alangizi a ziweto a m'dera lanu akuthandizani kusankha umuna woyenera.

Musaiwale kamsoti kamene kali m'kakhola kakang'ono kaja, chifukwa ng'ombe zimene dziko lidzakame zaka zitatu zikubwerazi ndi zimenezo. Kayamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola 6 oyambirira, ndi umene umakateteza ku matenda. Pambuyo pake kazilandira pafupifupi malita 4 patsiku mpaka katayamba kudya bwino udzu ndi madeya, cha pa miyezi itatu. Ndikudziwa kuti mtima umawawa kuona malita 4 akupita kwa mwana wa ng'ombe m'malo mopita ku sikelo. Koma msoti woleredwa bwino umatha kutenga bere uli ndi chaka ndi theka, pamene wopinimbira umafika zaka zitatu usanabereke, ukungodya.

Palinso mkaka umene ng'ombe inatulutsa koma sunafike kwa womwa. Mwadzuka mdima ulipo, mwapalasa njinga mtunda wautali, mwafika ku bulking, ayeza ndi kachipangizo koona ngati mwathira madzi, ayezanso ngati wayamba kusasa, n'kukuuzani kuti bwererani nawo. Wina umasanduka chambiko pakhomo, wina umatayika. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani bere ndi madzi ofunda, pukutani ndi kansalu koyera ka ng'ombe imeneyo yokha. Mikamo yoyamba muzikamira pa kambale kakuda kuti muone ngati muli timibulu, chizindikiro cha matenda otupitsa bere. Chigubu chitsukidwe ndi madzi otentha n'kuvundikiridwa padzuwa, ndipo mkaka wa dzulo madzulo usasakanizidwe ndi wa m'mawa. Ng'ombe ikabayidwa mankhwala, funsani adokotala a ziweto masiku oti mudikire musanagulitsenso.

Sabata ino gulani kope la sukulu, mulimangirire chingwe ndi pensulo, mulipachike pakhola pamalo osanyowa. Tsamba limodzi likhale la ng'ombe imodzi. Pamwamba lembani tsiku limene inabereka komaliza, pansi pake malita a m'mawa ndi a madzulo tsiku lililonse, tsiku limene inafuna nkhunzi, tsiku limene inapatsidwa umuna, ndi ndalama za madeya ndi mankhwala. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa sukulu pakhomopo akulembereni. Alangizi akadzabwera, musanawatengere kukhola, ayambe aona kopelo.