Chisanu chafika: tifunde, koma tisadzitsekere



June wafika ndipo ife a ku Blantyre tayamba kale kulawa. M'mawa madzi a wudhu akuluma zala. Chiperoni chikangoyamba, kamvula kowaza kosaleka kaja ndi nkhungu yake, munthu umangofuna kudzikulunga m'bulangete basi. Ndikudziwa kuti anzathu a ku Dedza ndi ku Mzuzu atiseka kuti ife chisanu sitikuchidziwa. Sabata ino phunziro lagwera ine, ndiye ndiyamba ndi zimene zinandionekera.

Chaka chimene ndinayamba kukhala pa lendi ndinkagona kachipinda kamodzi ndi mnzanga ku Bangwe. Usiku wina mu July kunazizira koopsa. Titaphika nsima, makala anatsala akuyaka bwinobwino, ndiye tinati kuwathira madzi n'kuwononga ndalama. Tinalowetsa mbaula m'chipinda, pazenera tinatsekapo ndi katoni, pansi pa chitseko tinatsindirapo chisanza, n'kugona.

Chinatidzutsa ndi kugogoda kwa bambo ena oyandikana nafe, amene ankatidzera tsiku lililonse popita ku Fajr. Kugogodako ndinkakumva ngati kukuchokera kutali. Mutu unkawawa ngati ung'ambika, miyendo yalefuka, moti pokatsegula ndinachita kukwawa. Mnzanga ankasanza, osadziwanso kumene ali. Bambowo atangoona mbaula anakuwa kuti, "Ana inu, mwatani kodi? Tulukani panja msanga!" Anatiperekeza kuchipatala m'mawa womwewo. Alhamdulillah, tonse tilipo.

Chimene ndinatolapo ndi ichi: chisanu cha kwathu kuno nthawi zambiri chimatipweteka kudzera m'zimene timachita pochithawa. Timatseka zenera, timatseka chitseko, ena timasiyanso kucheza ndi anthu. Thupi ndi mtima ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndiye tiyeni tione mmene tingaisamalire miyezi imeneyi.

1. Mbaula igone panja

Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umatuluka ngakhale makala afiira osachitanso utsi. Magazi athu amaugwira mwamphamvu kuposa ka 200 poyerekeza ndi okosijeni, choncho thupi limabanika munthu ali m'tulo. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi kusokonezeka. Anthu awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi akadwala mutu nthawi imodzi moto uli pomwepo, tulukani kaye, tsegulani ponseponse, kenako thamangirani kuchipatala.

Kuwothera moto sikolakwika, koma zenera likhale lotsegula ndipo pogona mbaula ituluke. Tiyang'anirenso ana aang'ono ndi abale amene amadwala khunyu, asakhale okha pamoto. Wina akapsa, muthireni madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20. Mazira, mafuta ndi mankhwala otsukira mano zisafike pabala.

2. Si chifuwa chilichonse chimene chili "chachisanu"

Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo chimafala kwambiri nyengo ino chifukwa timapanikizana m'malo otseka: m'minibasi, m'kalasi, ngakhale mumzikiti. Kutsegula kazenera pang'ono, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kutsokomolera m'chigongono kumathandiza kuposa mmene timaganizira. Makapisozi amene timagula pagolosale sapha mavairasi. Kuwamwa mwachisawawa kumangochititsa kuti adzakane kugwira ntchito tsiku limene tidzawafunedi. Chimfine wamba chimafuna kupuma, zakumwa zotentha ndi masiku ochepa.

Koma pali zifuwa ziwiri zosafunika kuzengereza. Choyamba, chifuwa chikafika masabata 2, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda kapena mukutentha thupi, kayezetseni TB. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala ndi ulere, ndipo TB wamba imachizika ndi mankhwala a miyezi 6. Chachiwiri ndi chibayo mwa ana. Mwana ali chete, werengani mmene akupumira pa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, kapena wa chaka 1 mpaka 5 akafika ka 40, kapena ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe. Alongo anga amene mumalera ang'ono anu, sungani manambala amenewa.

3. Madzi, chakudya ndi khungu

Kukazizira ludzu silimveka, koma thupi limafunabe madzi. Ine ndinadziikira kalamulo: kapu imodzi pambuyo pa Swala iliyonse. Tiyi wa mandimu ndi jinja ndi wabwino, kungochepetsa shuga. Nyengo ino mbatata ndi mtedza zili mbwee, manachesi a ku Mwanza ali m'misika, ndiye kudya bwino sikufuna ndalama zambiri.

Za wudhu, pali ena amaganiza kuti kutenthetsa madzi n'kufooka kwa imani. Ayi ndithu, n'kololedwa. Mukamaliza pukutani bwino pakati pa zala zakumiyendo, ndipo pakani Vaseline kapena gilisalini kuti zidendene zisang'ambike. Amene akudwala moti madzi angamuwonjezere matenda, afunse a Shehe za tayammum. Chipembedzo chathu chinamuganizira kale.

4. Tulo ndi dzuwa

Cha pa 21 June ndi pamene usana umafupika kwambiri kuno, pafupifupi maola 11 okha. Maghrib ikumalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, Isha nayo ikumabwera msanga. Usiku wautali chonchi ndi mwayi wogona maola 7 kapena 8 n'kudzuka Fajr uli ndi mphamvu. Vuto ndi loti ambirife timalowa m'bulangete 8 koloko, koma TikTok ndi WhatsApp zimatifikitsa 1 koloko. Mawa lake timati chisanu ndi chimene chatilepheretsa kudzuka, eti? Yesani kusiya foni patali ndi mphasa. Ndipo dzuwa likatuluka, tulukani nanu, yendani ngakhale mphindi 20. Kuwala kwa m'mawa kumathandiza thupi kudziwa nthawi yogona ndi yodzuka, ndipo kuyenda kumapeputsa maganizo.

5. Mtima nawo umazizidwa

Apa ndi pamene timabisa kwambiri. Kukada msanga macheza amachepa, mpira wamadzulo umatha, aliyense amathamangira kwawo. Ena mayeso a MSCE ali pakhomo, ena ntchito sikupezeka, ena ngongole. Munthu amayamba ndi kujomba Fajr ya jamaa, kenako sayankha mauthenga, kenako satulukanso. Ife timangoti, "Ndi chisanu, aoneka kukayamba kutentha."

Kukhumudwa kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachitikira aliyense. Koma ngati kwa masabata 2 kapena kuposa munthu sakusangalalanso ndi zimene ankakonda, tulo ndi kudya zasokonekera, akudziona wachabechabe, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Kudwala chonchi sikutanthauza kuti munthu alibe imani. Duwa ndi zikiri tizichita ndithu, ndipo thandizo tilifunenso, monga mmene timachitira ndi malungo. Yambirani pa chipatala cha m'boma lanu. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mnzanu akanena zofuna kudzipha, musaseke ndipo musamulalikire. Khalani naye, mumvetsereni, uzani munthu wamkulu wodalirika, ndipo mupite naye kuchipatala.

Tisaiwalenso abale athu amene ali ku Joni. Kumeneko June ndi July kumazizira mpaka madigiri kufika pafupi ndi 0, ambiri amagona m'tizipinda tamalata, ndipo ali kutali ndi kwawo. Tikamawaimbira tisamangofunsa za ndalama. Tiwafunse mmene akugonera, mmene mtima ulili, ndipo tiwakumbutse za mbaula.

Zochita sabata ino

Ndikupempha zinthu zitatu. Onani kwanu ngati pali amene amagona ndi moto m'chipinda, mulankhule naye lero. Tsegulani chikwama, juzi kapena bulangete limene simuligwiritsa ntchito likhale swadaka kwa mlonda, gogo kapena mwana wa ku madrasa. Ndipo ganizirani munthu mmodzi amene simunamuone kumzikiti kapena pagulu masiku ano, mupite mukagogode. Bambo aja sankadziwa kuti m'chipinda mwathu muli mbaula. Ankangochita zimene anazolowera m'mawa uliwonse.

Allah atipatse thanzi la thupi ndi la mtima, achize odwala athu, ndipo atiteteze ife ndi makolo athu m'nyengo imeneyi. Ameen.

Wassalaam alaikum warahmatullah.