Mafunso ndi Mayankho: Kusankha Njinga Yokwerera Phiri ndi Kutsika Mtsetse

Gawo la sabata ino la pulogalamu ya zamasewera likuyankha makalata a omvera amene afunsa za njinga za m'mapiri zamtundu umene opanga amautcha all-mountain kapena enduro. Izi ndi njinga zokhala ndi mashoko kutsogolo ndi kumbuyo, zopangidwa kuti munthu akwere nazo chitunda ndi mphamvu ya miyendo yake, kenaka atsike nazo mtsetse wa miyala, mizu ndi zigwembe. Makalata akuwerengedwa mwachidule, ndipo mayankho ndi a katswiri wa pulogalamuyi, yemwe ndi mmisiri wokonza njinga.

Funso loyamba lachokera kwa bambo ena a ku Zomba, omwe akuti pa malonda a njinga zimenezi amaonapo manambala monga 150, 160 ndi 170, ndipo akufuna kudziwa ngati njinga ya nambala yaikulu ndiyo yopambana.

Yankho: Manambalawa ndi mamilimita a chimene amisiri amachitcha travel, ndiko kuti mtunda umene gudumu limatha kukwera m'mwamba likagunda mwala, shoko isanafike pothera pake. Njinga za mpikisano wothamanga m'tinjira ta m'nkhalango zimakhala ndi mamilimita 100 mpaka 120. Zapakatikati, zotchedwa trail, zimakhala ndi 120 mpaka 150. Za enduro zimayambira cha pa 150 kufika pa 180. Pamene zotsikira zokhazokha, zimene eni ake amakwera nazo phiri pa galimoto kapena pa chikepe, zimakhala ndi mamilimita pafupifupi 200. Kapangidwe ka njinga ya enduro kamamveka bwino munthu akadziwa malamulo a mpikisano wake. Mu Enduro World Series, umene unayamba mu 2013 ku Punta Ala m'dziko la Italy, nthawi inkawerengedwa pa mitsetse yokha, koma wopikisana ankayenera kukafika poyambira mtsetse wotsatira nthawi yoikika isanakwane, kawirikawiri mopalasa yekha. Choncho opanga anaika mtima wonse pa kutsika, ndipo pa kukwera anangoonetsetsa kuti munthu afike pamwamba asanatheretu mphamvu.

Nambala yaikulu ili ndi mtengo wake, chifukwa foloko yaitali, felemu yolimba ndi matayala okhuthala zimapangitsa njinga kulemera makilogalamu 15 mpaka 17, pamene ya mpikisano wothamanga imalemera 10 mpaka 12. Ngati bambowa amayenda kwambiri m'misewu yadothi ya m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri la Zomba, njinga ya mamilimita 120 mpaka 140 iwakwanira ndipo iwafikitsa kutali asanatope. Ya 160 kapena 170 ndi ya munthu amene amachita kufunafuna tinjira totsetsereka kwambiri, tokhala ndi miyala yoti ailumphe, ndipo amavomera kukwera pang'onopang'ono kuti akasangalale potsika.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi ena a ku Mzuzu, omwe amapalasa m'mapiri a Viphya. Iwo akuti anamva kuti njinga ya mashoko aatali imanyomanyoma munthu akamapalasa pa chitunda, mwakuti mphamvu zambiri zimangothera mu shoko.

Yankho: Zimene mayiwa anamva zinali zoona pa njinga zambiri za m'zaka za m'ma 1990, koma kapangidwe kasintha kwambiri. Munthu akaponda pedulo, njinga imathamangira kutsogolo ndipo thupi lake limatsamira kumbuyo, zomwe zimafinya shoko ya kumbuyo. Amisiri anapeza kuti malo olumikizira zitsulo zogwira gudumu la kumbuyo akaikidwa mwaluso, kukoka kwa tcheni kumalimbana ndi kufinyika kumeneko, ndipo mphamvu yolimbanayo imatchedwa anti-squat. Njira zodziwika zochitira zimenezi ndi Horst link, imene inatenga dzina la Horst Leitner ndipo kampani ya Specialized inaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, VPP ya njinga za Santa Cruz, ndi DW-link ya Dave Weagle. Iliyonse ili ndi otsatira ake, koma wogula asavutike ndi mayinawa, popeza njinga zamakono za makampani odziwika zonse zimakwera bwino shoko ikapopedwa moyenera, ndiponso mashoko ambiri ali ndi kachogwirira kowaumitsa pa chitunda chachitali chosalala.

Zinthu ziwiri zimene zimathandiza kwambiri pokwera ndizo kaimidwe ka chishalo ndi magiya. Chitsulo chonyamula chishalo chikaima chilili, pa madigiri 76 mpaka 79, wopalasa amakhala pamwamba pa mapedulo, ndipo gudumu la kutsogolo silinyamuka chitunda chikakula. Njinga zakale, zimene chitsulocho chinkapendekera kumbuyo pa madigiri 72 kapena 73, zinkamukhazika munthu pamwamba pa gudumu la kumbuyo. Kumbali ya magiya, kuyambira pamene kampani ya SRAM inatulutsa XX1 mu 2012 ndi Eagle mu 2016, njinga zimenezi zimakhala ndi giya imodzi kutsogolo, ya mano 30 kapena 32, ndi magiya 12 kumbuyo, oyambira mano 10 kufika 50, 51 kapena 52. Wopalasa akaika tcheni pa giya ya mano 51, kutsogolo kuli 32, mapedulo akazungulira kamodzi njinga ya magudumu aakulu imasuntha pafupifupi mita imodzi ndi theka, liwiro la munthu woyenda pansi, koma lotheka kulisunga kwa ola lathunthu. Chimene chimatopetsa kwenikweni pokwera ndi matayala, chifukwa mphira yofewa ndi mano akuluakulu, zomwe zimagwira bwino potsika, zimakakamira pansi pa chitunda.

Mnyamata wina amene akugwira ntchito ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa wafunsa za kukula kwa magudumu ndi kwa felemu, poti ogulitsa ena akumuuza 29, ena 27.5, ndipo ena akuti asakanize.

Yankho: Mnyamatayu ali kwawo kwa Greg Minnaar, amene anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsika phiri mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021, ndipo chipambano cha 2013 anachipezera mumzinda womwewo. Timu yake ya pa nthawiyo, Santa Cruz Syndicate, ndi imene inadabwitsa anthu mu 2017 pobwera ndi magudumu a mainchesi 29 pa mpikisano wa ku Lourdes ku France, pa nthawi imene ambiri ankati gudumu lalikulu ndi la othamanga pamalo osatsetsereka. Gudumu lalikulu limadutsa pamwamba pa maenje ndi miyala mosakodwa kwambiri ndipo limasunga liwiro, pamene la 27.5 limakhota msanga ndipo limasiya malo okwanira kuti munthu wamfupi asakhudze tayala la kumbuyo akatsitsa thupi pa mtsetse woopsa. Kusakaniza, kumene kumatchedwa mullet, ndiko kuika 29 kutsogolo ndi 27.5 kumbuyo, ndipo kumayenera anthu aafupi ndi okonda tinjira tokhotakhota.

Komabe chofunika kuposa gudumu ndi miyeso iwiri ya felemu. Woyamba ndi kupendekera kwa foloko: pa njinga za enduro imakhala pa madigiri 63 mpaka 65, ndipo nambala ikachepa gudumu la kutsogolo limatsogola kwambiri, zomwe zimachepetsa ngozi yogubuduka chamutu potsika, ngakhale kuti njinga imavuta kuikhotetsa pa makona ang'onoang'ono a chitunda. Wachiwiri ndi reach, womwe ndi mtunda wopingasa kuchokera pakati pa mapedulo kufika pamwamba pa khosi la felemu, ndipo umasonyeza malo amene munthu ali nawo akaimirira pa mapedulo. Pa njinga zambiri zamakono, felemu yapakati ili ndi mamilimita 450 mpaka 460, ndipo yaikulu ili ndi 475 mpaka 485, koma zilembo M ndi L sizitanthauza chimodzimodzi m'makampani onse. Mnyamatayu ayerekeze manambala enieni, ndipo ngati sitolo ikulola, ayese njingayo pa mtsetse asanalipire, chifukwa felemu yaitali mopitirira imamukoka munthu manja mpaka kulephera kuponderezera gudumu la kutsogolo pokhota.

Womvera wina amene amakhala ku Scotland, pafupi ndi tinjira totchuka ta ku Innerleithen, akuti wagula kale njinga ya mamilimita 160 koma ikumugwedeza ngati ilibe mashoko, ndipo akufunsa ngati asinthe shoko ya mpweya n'kuika ya sipuling'i.

Yankho: Asanagule china chilichonse ayambe wayeza sag, yomwe ndi gawo la shoko limene limafinyika munthu akangokhala pa njinga osayenda. Pa thunthu losalala la shoko pamakhala kamphete ka mphira. Wopalasa avale zonse zimene amavala pa ulendo, akhale pa njinga atatsamira khoma, akankhire kampheteko mpaka kakhudze thupi la shoko, kenaka atsike mosamala osadumpha, ndipo ayeze ndi lula mpata umene watsala pakati. Kumbuyo mpatawu uyenera kukhala magawo 25 mpaka 30 pa 100 aliwonse a utali wonse umene shoko imayenda, kutanthauza kuti pa shoko yoyenda mamilimita 60, kamphete kayenera kusuntha mamilimita 15 mpaka 18. Pa foloko ambiri amasiya magawo 15 mpaka 20. Mpweya ukachuluka njinga imauma ndi kudumphadumpha, ndipo ukachepa imakhala pansi, mapedulo n'kumagunda miyala. Pambuyo pake ayang'ane rebound, kachitsulo kopotokola kamene kamalamulira liwiro limene shoko imabwerera nalo: ikamabwerera mochedwa imalephera kutambasuka isanagunde mwala wotsatira, motero imauma pang'onopang'ono mtsetse ukamatalika. Aonenso mpweya wa m'matayala, popeza matayala opanda chubu a mainchesi 2.4 kapena 2.5 amayenda bwino pa psi 22 mpaka 28, malinga ndi kulemera kwa munthu.

Shoko ya sipuling'i imamva timiyala ting'onoting'ono kuposa ya mpweya ndipo sisintha kwambiri khalidwe ikatentha, koma ndi yolemera, imafuna kugula sipuling'i yogwirizana ndi thupi la mwini wake, ndiponso si felemu iliyonse imene inapangidwira shoko yotere. Ya mpweya imasinthika ndi pampu yaing'ono yapadera, ndipo kwa munthu wokwera ndi kutsika tsiku limodzi ndi yokwanira.

Kalata ina yaifupi ikufunsa zipangizo zimene wogula sayenera kunyengerera ngakhale ndalama zitachepa.

Yankho: Mabuleki ndi chishalo chotsika. Munthu ndi njinga yake akamatsika mtsetse wautali, liwiro lonse limasanduka kutentha pa disiki, ndipo disiki yaing'ono ikatentha kwambiri buleki imasiya kugwira. N'chifukwa chake pafunika mabuleki a oyilo a mapisitoni anayi, ndi disiki ya mamilimita 200 kapena 203 kutsogolo ndi yosachepera 180 kumbuyo. Chishalo chotsika, chotchedwa dropper, chimatsika mamilimita 150 mpaka 200 munthu akadina kachogwirira ka pa handulo, kotero kuti amakwera chishalo chili m'mwamba ndi kutsika chitachoka pakati pa miyendo. Magiya otsika mtengo amagwira ntchito bwinobwino, ndipo felemu ya aluminiyamu imangolemera pang'ono kuposa ya kaboni.

Funso lomaliza ndi la bambo ena a ku Lilongwe, omwe apeza njinga ya enduro yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera kunja, ndipo akufuna kudziwa zoyenera kuona asanapereke ndalama.

Yankho: Ayambe ndi kuyendetsa chikhadabo pa zitsulo ziwiri zosalala za foloko ndi pa thunthu la shoko, chifukwa pamene chikhadabo chakodwa ndi pamene oyilo adzatulukire ndi fumbi kulowera. Kenaka anyamule njinga pang'ono pogwira chishalo n'kuitsitsa: kakugogoda kakamveka, ndiye kuti mabering'i a polumikizira felemu kapena a shoko atha. Apukute dothi pa malo owotcherera, makamaka pa khosi ndi pafupi ndi shoko, ndi kufufuza ming'alu yonga tsitsi, ndipo ming'alu ikapezeka malonda athere pomwepo.

Chachikulu kwa munthu wokhala ku Malawi ndi kasamalidwe. Kampani ya RockShox imalangiza kusintha oyilo wa m'miyendo ya foloko pa maola 50 aliwonse oyenda ndi kuimasula yonse pa maola 200, pamene Fox imati maola 125 kapena kamodzi pa chaka, ndipo fumbi la m'chilimwe limafupikitsa nthawi imeneyi. Zipangizo za njinga wamba sizilowa pa njinga yotere: tayala la mainchesi 28 la njinga za kabaza ndi la limu ya mamilimita 635, pamene limu ya 29 ndi ya 622 ndipo ya 27.5 ndi ya 584. Oyilo wa mabuleki nayenso sasakanizidwa, popeza a Shimano amafuna oyilo wa mineral pamene ambiri akale a SRAM amafuna DOT, ndipo wolakwika amawononga timphira ta m'kati. Choncho bambowa afunse kaye kumene adzapeze matayala, mapadi a mabuleki, mabering'i ndi mmisiri wodziwa kumasula shoko, ndipo awerengere ndalama za zimenezi pamodzi ndi mtengo wa njinga. Ngati yankho silikupezeka, njinga ya shoko ya kutsogolo kokha, yokhala ndi foloko ya mamilimita 130 kapena 140, mabuleki amphamvu ndi chishalo chotsika, idzawatumikira zaka zambiri kuposa ya mashoko awiri imene yaima pakhonde kudikira kachipangizo kochokera ku Johannesburg.

Omvera ena amene makalata awo sanawerengedwe lero, makamaka ofunsa za njinga za batire, adzayankhidwa m'gawo la sabata yamawa.